Kusamala madzi a jakuzi kuno ku Chipata: yezani kaye musanathire mankhwala

Jakuzi, kadziwe kakang'ono ka madzi otentha owira ndi majeti, imakoma mu Juni ndi Julayi, mphepo yozizira ikamatsika m'mapiri madzulo. Koma mukhale nayo ku Kalongwezi, ku Moth, pa famu njira ya ku Lundazi kapena pa lodge ku Mfuwe, tsiku lina mudzavundukula n'kupeza madzi achita mbuu, thovu lili yangayanga, kafungo kakutuluka. Kawirikawiri gwero lake n'limodzi: wosamala madziwo akuchita zimene anazolowera pa dziwe losambiramo, kutapa kapu ya klorini wa HTH n'kuwaza m'mawa popanda kuyeza chilichonse.

Tiyeni tiwerengere. Mu jakuzi ya malita 1,200 mukalowa anthu anayi, aliyense ali ndi malita 300 okha. Kuti dziwe la malita 50,000 lipanikizike chimodzimodzi, muyenera kulowa anthu oposa 160 nthawi imodzi. Pamwamba pa izi pali kutentha kwa madigiri 37 kapena 38, kumene kumatulutsa thukuta, kusungunula mafuta odzola, ndi kumaliza klorini msanga. Madzi amene anali bwinobwino Lachisanu akhoza kukhala odwalitsa pofika Lamlungu. Ndipo popeza madziwo ndi ochepa, supuni imodzi yopyola muyezo imasokoneza zonse. Choncho ntchito yake imayenda motere: kuyeza, kuthira pang'ono, kudikira, kuyezanso.

Tizilombo timene tikulimbana nato kwenikweni ndi tiwiri. Koyamba ndi ka Pseudomonas aeruginosa, kamene kamabisala m'zoterera za m'mapayipi ndi mu fyuluta. Kamabweretsa zidzolo zofiira zoyabwa, zimene zimatuluka patapita tsiku limodzi kapena angapo, makamaka pamene chovala chosambira chinamata pathupi. Anthu akaona zidzolozi amathamangira kunena kuti mankhwala anachuluka, chonsecho anachepa. Kachiwiri ndi ka Legionella, kamene kamaswana bwino m'madzi a madigiri 25 mpaka 45 n'kulowa m'mapapo kudzera m'timadontho touluka majeti akamawira. Kamayambitsa chibayo choopsa, makamaka kwa okalamba, osuta fodya ndi amene thupi lawo lafooka kale ndi matenda ena. Mu 1999, pa chionetsero cha maluwa ku Bovenkarspel m'dziko la Netherlands, jakuzi yotsatsira malonda imene madzi ake sanathiridwe mankhwala inadwalitsa anthu oposa 180, ndipo oposa 20 anamwalira. Anthuwo sanasambemo, anangoima kapena kudutsa pafupi.

Yambani ndi kudziwa madzi anu

Muyenera kudziwa malita amene jakuzi yanu imatenga. Ngati kabuku kake kanasowa, werengani mita ya madzi musanadzaze ndi mutadzaza. Mukhozanso kuona masekondi amene payipi yanu imatenga kudzaza chigubu cha malita 20, kenako muwerengere ndi nthawi yonse yodzazira jakuziyo. Nambala imeneyi ilembeni pakhoma la mosungira mankhwala. Miyezo yonse yomwe ndikupatseni pano ndi ya malita 1,000, inu muzichulukitsa kapena kuchepetsa malinga ndi yanuyo. Mudzakumananso ndi mawu akuti ppm: 1 ppm ndi galamu imodzi ya chinthu m'malita 1,000 a madzi.

Kenako, madziwo akuchokera kuti? A pampopi ochokera ku madamu a Lutembwe amafika atathiridwa kale mankhwala, ndipo madzi a m'damu nthawi zambiri amakhala ofewerapo, kutanthauza a kashiamu wochepa, kusiyana ndi apansi panthaka. A borehole ndiwo ofunika kuwakayikira, chifukwa amasiyana poloti ndi poloti. Suzumirani m'ketulo yanu. Mukaona zoyera zolimba zitamata pansi, madzi anu ali ndi kashiamu wambiri, amenewa ndiwo timati madzi olimba, ndipo zomwezo zidzamata pa hita ya jakuzi. Chachiwiri, tungani madzi m'ndowa yoyera, thiranimo supuni yaikulu ya Jik, takasani, mudikire theka la ola. Akasanduka mtundu wa dzimbiri, muli ayironi. Akada kapena kusiya tinthu takuda pansi, ndi manganese. Madzi otere amatuluka m'borehole ali mbee chifukwa zitsulozo zimakhala zosungunuka, klorini ndiye amaziulula. Ndi bwino kuti ziululikire mu thanki osati mu jakuzi: popani madzi mu thanki, thirani klorini, asiyeni tsiku limodzi kapena awiri kuti dzimbiri likhazikike pansi, mutenge apamwamba okha. Kumene amagulitsa mankhwala a madziwe kumapezekanso mankhwala ogwira zitsulo, amene amathiridwa podzaza, klorini asanalowe.

Madzi a mvula ali ndi vuto lotsutsana ndi limeneli. Ndi ofewa kwambiri moti pH yake, muyezo wa asidi m'madzi (ikatsika ndiye kuti asidi wachuluka), sikhazikika, ndipo amadya zitsulo za hita. Paokha si abwino, koma ndi othandiza posungunula a borehole olimba.

Podzaza jakuzi ya chigoba cholimba, osati yopopa mpweya, ikani payipi m'dzenje la fyuluta kuti mpweya usatsekeredwe mu pampu, ndipo musayatse hita madzi asanamize majeti onse.

Zoyezera

Timapepala toyezera n'tokwanira panyumba, bola tikhale toonetsa klorini waufulu (amene akadali ndi mphamvu yopha tizilombo), klorini yense, pH ndi alkalinity, ndipo ngati n'kotheka kashiamu ndi stabiliser. Za alkalinity ndi stabiliser ndifotokoza m'munsimu. Viikani kapepala mkati ndithu mwa madzi, kutali ndi jeti, tulutsani osakutumula, kagwireni chogona kwa masekondi amene alembedwa pabotolo (ambiri amati 15), muyerekeze mitundu panja powala osati pansi pa babu. Manja akhale ouma potenga kapepala, botolo mulitseke msanga. Chinyezi cha mu Januwale chikalowa m'botolo, timapepala tonse timanama. Onaninso deti lothera ntchito musanagule, poti katundu wotere sayenda msanga m'masitolo a kuno.

Zoyezera za timadontho kapena timapilisi ta DPD, zosandutsa madzi pinki, n'zolondola kuposa timapepala, ndipo wa lodge asaumire pamenepa. Zija zosandutsa madzi chikasu zimangoonetsa klorini yense, wogwira ntchito ndi wotha kale pamodzi, ndiye zikhoza kukunamizani. Chenjezo limodzi: klorini akapyola kwambiri 10 ppm amafufutitsa mtundu wa DPD, n'kumaoneka ngati mulibe klorini. Mukakayikira, sakanizani madzi oyezawo ndi a m'botolo theka ndi theka, muyezenso, yankho mulichulukitse kawiri.

Alkalinity choyamba, pH pambuyo

Apa ndi pamene ambiri amazungulira mutu, chifukwa amayamba ndi pH. Lero athira asidi, mawa pH yakweranso, athiranso, mkuja yagweratu. Chogwira pH kuti isamagwedezeke ndi alkalinity, monga mafuwa agwirira mphika pamoto. Ikachepa, pH imadumphadumpha ndi kalikonse kolowa m'madzi. Ikachuluka, pH imakakamira kumwamba ndipo asidi amangooneka ngati sakugwira. Muyezo wake ndi 80 mpaka 120 ppm.

Kuikweza n'kosavuta, ndipo mankhwala ake muli nawo kale kukhitchini: soda yemwe uja wophikira delele, bicarbonate of soda. Magalamu 17, pafupifupi supuni yaikulu imodzi yosalaza, amakweza alkalinity ndi 10 ppm. Sungunulani m'ndowa ya madzi a mu jakuzi momwemo, thirani pampu ikuyenda, dikirani ola limodzi, muyeze. Kasikelo kakang'ono ka kukhitchini kadzakuthandizani kuposa masupuni, chifukwa supuni ya mayi ndi ya mnyamata wa pabwalo sizifanana.

Kuitsitsa ndiye kumafuna kudekha, ndipo a borehole ambiri adzakumana nazo, poti madzi apansi akhoza kufika 200 kapena kuposa. Asidi wouma, amene pachitini amalemba sodium bisulphate kapena pH Minus, magalamu 24 amatsitsa 10 ppm. Asidi wamadzi wa madziwe amachita zomwezo ndi mamililita pafupifupi 20, koma ndi waukali, nthunzi yake imatsamwitsa, ndipo panyumba pamene pali ana ine ndimakonda woumayo. Musathire asidi yense tsiku limodzi. Thirani wokwanira kutsitsa pH kufika pa 7.0, kenako tsegulani majeti ndi mpweya wake wonse kwa theka la ola, chivundikiro chili chotsegula. Kuwira kumeneku kumatulutsa mpweya wa carbon dioxide m'madzi, ndipo pH imakwera yokha popanda kubweza alkalinity. Ikafika 7.8, thiraninso asidi. Bwerezani mpaka alkalinity itafika pamene mukufuna. Zingatenge masiku awiri kapena atatu, koma mukazichita bwino podzaza, milungu yotsatira mumangokonza pang'onopang'ono.

Tsopano pH. Iyenera kukhala pakati pa 7.2 ndi 7.8, ndipo pabwino penipeni ndi 7.4 mpaka 7.6. Chifukwa chake n'chakuti mphamvu ya klorini imadalira pH: pa 7.5 pafupifupi theka la klorini ndilo limakhala mumtundu wakupha tizilombo mwachangu, pa 8.0 limatsala gawo limodzi mwa anayi. Munthu akhoza kumathira klorini wokwanira tsiku lililonse koma ndalama zake zikungopita chabe chifukwa pH ili kumwamba. Ikatsika kupyola 7.0, maso amawawa, malabala a pampu amauma, hita imadyeka. Mu jakuzi pH imakonda kukwera chifukwa cha majeti omwewo, choncho tsekani zolowetsa mpweya mukatuluka. Ngati ikukwerabe sabata ndi sabata, lolani alkalinity itsike kufika pa 80 kapena kutsikirapo pang'ono, osaumirira 120 chifukwa choti kapepala kalola. pH ikatsika, yambani ndi majeti, amene salipiritsa kanthu. Soda ash, mankhwala okweza pH osiyana ndi soda wa kukhitchini uja, abwere pokhapokha majeti alephera, supuni yaing'ono imodzi nthawi imodzi.

Kashiamu akhale 150 mpaka 250 ppm. Akachepa, madzi amachita thovu msanga, ndipo mumamukweza ndi calcium chloride, magalamu pafupifupi 15 pa 10 ppm iliyonse. Akachuluka, palibe mankhwala omuchotsa, koma kusakaniza ndi madzi a pampopi kapena a mvula, ndi kusunga pH cha m'ma 7.2 mpaka 7.4. Kashiamu amamata kwambiri pamalo otentha, n'chifukwa chake hita ndiyo imayamba kufa.

Klorini uti?

Bungwe la CDC, loona za matenda ku America, limalangiza kuti mu jakuzi klorini waufulu asachepere 3 ppm, ndipo ogwiritsa bromini, mankhwala ena ophera tizilombo m'malo mwa klorini, akhale pakati pa 4 ndi 8. Panyumba sungani klorini pakati pa 3 ndi 5. Koma klorini ali mitundumitundu, ndipo dzina lenileni limalembedwa m'timalemba ting'onoting'ono kuseri kwa chitini. Werengani pamenepo.

Wopangidwira majakuzi ndi dichlor, wa timibulu tosungunuka msanga, amene sasuntha pH kwenikweni. Magalamu pafupifupi 2 amakweza klorini ndi 1 ppm, choncho supuni yaing'ono yosalaza imapereka pafupifupi 3 ppm. Mbuna yake ndi iyi: pa 10 ppm iliyonse ya klorini amasiya 9 ppm ya stabiliser, amene ndi cyanuric acid, ndipo ameneyu satuluka m'madzi. Wochepa alibe vuto, koma akaunjikana amamanga klorini manja, kapepala n'kumaonetsa 3 ppm pamene tizilombo tikufa mochedwa. Wothira supuni yaing'ono imodzi tsiku lililonse amafika pa 80 ppm mwezi ukamatha. Njira yozemba ndi kugwiritsa dichlor milungu iwiri yoyamba, stabiliser akafika 30 kapena 40 n'kusamukira ku Jik. A CDC amalangiza kuti mu jakuzi musamakhale stabiliser n'komwe, ndipo kwa olandira alendo olipira, limenelo ndilo langizo loyenera kutsata.

Jik wamba wa 3.5 peresenti amakweza klorini ndi 1 ppm pa mamililita 30 aliwonse, ndiye kuti 3 ppm ndi mamililita 90 mpaka 100. Akhale woyera wopanda fungo la mandimu kapena la maluwa, komanso osati wokhuthala uja wotsukira chimbudzi, chifukwa zowonjezerazo zimachita thovu. Amafooka akakhalitsa kapena akaikidwa padzuwa, choncho gulani botolo loti lithe m'mwezi umodzi kapena iwiri.

HTH wa timibulu ndi calcium hypochlorite. Ndi wamphamvu, galamu imodzi ndi theka amakwana 1 ppm, koma pa 10 ppm iliyonse amawonjezera kashiamu 7 ppm, ndipo amakweza pH. M'madzi ofewa a pampopi mukhoza kumugwiritsa ntchito mosamala, mutamusungunula kaye m'ndowa n'kuthira oyera apamwamba okha. M'madzi olimba a borehole ndiye gwero la mbuu uja. Mapilisi akuluakulu a trichlor, aja oyandama m'madziwe, asayandikire jakuzi: ndi a asidi kwambiri, amasungunuka mothamanga m'madzi otentha, amagwetsa pH, amafufutitsa chigoba ndi chivundikiro. Clorin wa m'timabotolo anamupanga wofooka dala kuti azithiridwa m'madzi akumwa, musiyeni agwire ntchito yake kukhitchini.

Bromini ndi wabwino m'madzi otentha, amapirira pH yokwererapo, ndipo mapilisi ake oikidwa m'kachoyandamitsa amathandiza mukachokapo masiku angapo. Kuipa kwake n'kwakuti dzuwa limamumaliza msanga, ndi wokwera mtengo, ndipo mwina muzichita kuitanitsa ku Lusaka. Musanamuyambe onetsetsani kuti muzimupeza nthawi zonse, chifukwa kubwerera ku klorini kumafuna kutaya madzi onse.

Za tsiku ndi tsiku, ndi za pa sabata

Yezani klorini ndi pH musanalowe. Klorini akakhala pansi pa 3, thirani, yendetsani pampu mphindi 15, muyezenso. Akakhala pa ziro, usiku umenewo kusamba kulibe. Mukatuluka thiraninso, chifukwa thukuta lonse latsala m'madzimo ndipo likudya klorini. Kuti mudziwe ngati mwathira wokwana, yezani m'mawa mwake: mukapeza watsika pansi pa 2, ulendo wina muonjezere. Ngakhale masiku amene simukusamba, yezani pakadutsa tsiku limodzi lokha.

Mudzamva wantchito akunena kuti, "Bwana, mankhwala alimo, simukumva fungo?" Fungo loboola mphuno lija silisonyeza kuti klorini ndi wokwana. Limachokera ku klorini amene wagwirana kale ndi thukuta ndi mkodzo, wotha mphamvu, yemwenso amafiiritsa maso. Mumamudziwa pochotsa klorini waufulu pa klorini yense. Kusiyana kukaposa 0.5 ppm, kapena sabata ikatha, kapena kukachoka gulu la alendo, madzi amafuna kuwakwapula ndi klorini wambiri kamodzi. Kwezani kufika pa 10 ppm, ndiko kuti magalamu pafupifupi 18 a dichlor kapena mamililita 300 a Jik ngati mukuyambira pa ziro. Chitani madzulo, majeti akuyenda, chivundikiro chili pambali kwa theka la ola kuti mpweya woipa utuluke osadya chivundikirocho. Munthu asalowe kufikira klorini atatsika pa 5.

Fyuluta itsukeni ndi payipi sabata iliyonse, khwinya ndi khwinya, ndipo kamodzi pamwezi igone m'mankhwala ake otsukira. Sopo wochapira zovala asaikhudze. Khalani ndi ziwiri kuti ina ikamauma ina izigwira ntchito. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, fumbi ndi phulusa la moto wa m'tchire zimaitseka msanga, ndipo mvula yoyamba ikagwa, inswa zimathamangira nyale ya pakhonde n'kugwera m'madzi ndi mapiko awo. Miyezi imeneyi tsukani kawiri pasabata, chivundikiro chizikhala chotseka.

Magetsi akathima

Mabuku obwera ndi majakuzi analembedwera kumene pampu imayenda usana ndi usiku. Ife tinaona mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, nyumba zikukhala maola ambiri patsiku zopanda malaiti. Pampu ikaima, fyuluta sigwira ntchito, madzi a m'mapayipi amaima, klorini wa mmenemo amatha, ndipo madzi amazizira pang'onopang'ono kudutsa m'madigiri omwe aja amene Legionella amakonda. Ndiye ngati mukudziwa ndandanda ya kuthima, thirani klorini magetsi adakalipo kuti afike m'mapayipi onse, ndipo mumusunge cha ku 5 osati ku 3. Akathima mwadzidzidzi, thirani Jik kapena dichlor wosungunula kale, mutakase ndi thabwa loyera. Akabwera, chinthu choyamba ndi kuyendetsa majeti onse mphindi 15 musanayeze. Majakuzi ambiri opopa mpweya sayambanso okha magetsi akabwera, amafuna munthu akadine batani, choncho uzani onse a panyumba.

Amene muli ndi sola ndi inverter, lumikizani pampu yaing'ono yozunguza madzi ngati wamagetsi wanu akuti n'zotheka. Hita imakoka makilowati awiri kapena atatu, imeneyo isiyeni idikire. Kuzizira sikuwononga madzi, kuima ndi kutha kwa klorini ndiko kumawononga. Jakuzi ikakhala masiku angapo yosayenda ndiponso yopanda klorini, musadzivute ndi kuikonza: kwapulani, yendetsani majeti, tayani madzi, dzazani ena.

Olowamo

Theka la ntchito yonseyi limatha ngati anthu asamba ndi sopo n'kudzitsukuluza bwino asanalowe. M'nyengo yozizira tonse timadzola Vaseline ndi glycerine mokwanira, ndipo zonsezo zimathera mu fyuluta ndi pamzere wamafuta wa m'mbali. Mafuta a m'tsitsi chimodzimodzi. Thovu lambiri limachokera ku Boom kapena sopo wina wotsalira m'zovala, makamaka wina akalowa ndi chitenje kapena T-shirt. Zovala zosambira zizingotsukuluzidwa ndi madzi okha. Kuuza apongozi kapena mlendo wolemekezeka kuti ayambe asamba n'kovuta, ndiye lembani pakabolodi pafupi ndi jakuzi kuti lamulo lilankhule lokha. A malodge, kumapeto kwa Febuluwale pa Nc'wala ndi kumapeto kwa Ogasiti pa Kulamba, alendo akachuluka, muziyeza kangapo patsiku.

Wotsegula m'mimba kapena wa chilonda asalowe. Kutentha kusapyole madigiri 40, ndipo mphindi 15 n'zokwana munthu asanatuluke kukapuma. Ana osakwana zaka 5 asalowe, amayi oyembekezera ndi a BP kapena matenda a mtima afunse kaye kuchipatala, ndipo woledzera akhoza kukomokera m'madzi. Chivundikiro chizikhomedwa chifukwa cha ana. M'chigwa cha Luangwa mu Okutobala ambiri amathimitsa hita n'kumagwiritsa jakuzi podziziziritsa. Palibe cholakwika, koma madzi a madigiri 30 akadali malo abwino a tizilombo, choncho muyezo wa klorini susintha.

Madzi akasintha maonekedwe

Akachita mbuu, yezani klorini poyamba, chifukwa nthawi zambiri ndiye wachepa. Ngati ali bwino, onani pH ndi kashiamu, kenako fyuluta. Obiriwira koma oonekera mpaka pansi ndi zitsulo, kawirikawiri kopa wodyeka ku hita chifukwa cha pH yotsika. Obiriwira ndi a mbuu, m'mbali mukuterera, ndi ndere ndi tizilombo: kwapulani, kwechani, ndipo akapanda kuyera pofika mawa lake, tayani. Mankhwala othetsa thovu amangolibisa maola ochepa, ine sindiwawerengera. Malita 1,000 a madzi atsopano ndi otchipa kuposa mabotolo atatu a mankhwala okonzera madzi otopa.

Kutaya ndi kudzazanso

Ngakhale osamalidwa bwino, madzi a jakuzi asapitirire miyezi itatu kapena inayi. Kwa osamba pafupipafupi, gawani malita ndi 12, yankholo muligawenso ndi chiwerengero cha olowamo patsiku. Malita 1,200 ndi anthu awiri tsiku lililonse ndi masiku 50. Musanatsegule potulutsira, thirani mankhwala otsukira mapayipi m'madzi akalewo n'kuyendetsa majeti monga alembera pabotolo. Zonyansa zimene zimatuluka zidzakudabwitsani, ndipo ndi mmene tizilombo timabisala kuti klorini asatifike. Chizindikiro choti zaunjikana n'chakuti klorini amatha usiku umodzi popanda wosambamo. Mukatero thimitsani magetsi pa switch yaikulu, tayani, pukutani chigoba ndi nsalu yofewa.

Madzi wamba otayawo akhoza kuthirira kapinga ngati mwawasiya osavundikira mpaka klorini atafika pa ziro ndipo azizira. Okhala ndi mankhwala otsukira mapayipi apite ku ngalande ya madzi oipa. Onsewa asalowe m'dziwe la nsomba, mumtsinje kapena m'dimba la ndiwo. Ndipo mukaganiza zoipumitsa jakuzi m'dzinja, ikhale youma ndi yovundikira. Madzi a mvula odikha pansi pake kapena pachivundikiro amaswetsa udzudzu, ndipo kuno malungo sitichita kuwafunafuna.

Kosungira mankhwala

Sitolo ya panyumba zambiri ndi imodzi: matumba a feteleza, chigubu cha petulo wa jenereta, oyilo, mankhwala opopera mbewu, zonse pamodzi. Klorini asalowe mmenemo. HTH akakhudzana ndi oyilo, brake fluid kapena petulo akhoza kuyaka yekha, ndipo sagwirizana ndi feteleza monga urea. Klorini ndi asidi zikakumana zimatulutsa mpweya wakupha. HTH ndi dichlor kapena trichlor zikasakanizidwa, makamaka pali chinyezi, zimaphulika. Choncho chitini chilichonse chikhale ndi supuni yakeyake youma, asidi akhale shelefu yake yapansi kutali ndi klorini, malowo akhale ouma, opita mphepo, okhoma. Mankhwala ndiwo amathiridwa m'madzi, osati madzi m'mankhwala, ndipo pakati pa mtundu wina ndi unzake padutse theka la ola pampu ikuyenda. Musasamutsire Jik kapena asidi m'botolo la zakumwa, ngakhale kwa tsiku limodzi.

Ngati ntchitoyi mwaisiyira wantchito, muchitireni chilungamo. Mugulireni magolovesi ndi magalasi oteteza maso, yezani naye limodzi mpaka mitundu ya pakapepala muziiona mofanana, ndipo mumupatse kope lolembamo deti, klorini, pH, alkalinity ndi zimene wathira. Mumuuzenso kuti ali ndi ufulu wonena kuti lero musalowe, ngakhale alendo afika kale ndi matawulo. Mankhwala akamuthovokera m'maso, atsuke ndi madzi oyenda kwa mphindi 15 osaleka, kenako mupite naye kuchipatala mutanyamula chitini chake kuti adokotala awerenge chimene chalowa.